BOTOLO LIMODZI LA VINYO KWA CHIMALIRO



Mwezi wa Juni, m'sabata la Chaka cha Thupi ndi Magazi a Ambuye, kunafika mthenga wochokera kwa Chimaliro, m'dziko la Thyolo, kudzatiitana kuti tikamve mlandu wa pa mbumba. Ife aphunzitsi a mpingo tinazolowera milandu ya maukwati, ya malire a minda, ndi ya mbuzi zolowa m'dimba la mwini. Koma mlandu wa botolo sitinaumvepo chiyambire nchito yathu. Tinapita tilikuyesa kuti tikaphunzitsa anthu, ndipo pobwera tinapeza kuti ophunzira tinali ife tomwe. Chifukwa chache tati tikusimbireni zonse monga zinachitikira.

Za njira ndi za dziko

Tinanyamuka ku Limbe m'mamawa, tinapitirira Bvumbwe pamene amai anali atayala kale kabichi, matimati ndi mbatata m'mbali mwa mseu, ndipo patsogolo pache tinatsika galimoto ndi kutsata njira ya dothi. Pfumbi panalibe tsiku limenelo, pakuti chiperoni chinali chitagwira dziko lonse. Inu a kuchigwa amene simuchidziwa, chiperoni ndi nkhungu yozizira ya mvula yowaza, yodza ndi mphepo ya kum'mwera chakum'mawa m'miyezi ya chisanu, ndipo dzina lache lichokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Sichigwa mwaukali, koma chinyowetsa munthu kufikira m'mafupa. Phiri la Mulanje, limene nsonga yache ya Sapitwa italika mamita 3,002, linali litabisala. Koma dzuwa litafika pa liwombo mitambo inang'ambika pang'ono, ndipo tinaliona chakum'mawa, lakuda bii, lilikuyang'anira minda ndi midzi.

Munthu akaona munda wa tiyi ali patali ayesa ndi mphasa yobiriwira yoyalidwa pa zitunda, yosalala, yopanda tsinde limodzi lotumphuka pa anzache. Koma mwezi uno minda ina inali itadulidwa, ndipo panangotsala timitengo takuda tonga nkhuni, pakuti tiyi amdulira m'chisanu pakapita zaka zingapo, kuti aphukenso ndi mphamvu. M'malire mwa minda munali nkhalango za bulugamu, ndizo nkhuni zoumitsira tiyi ku mafakitale.

Tiyi ameneyu si wa makolo athu ai. Anayamba kumdzala ku Mulanje m'chaka cha 1891, pa dzanja la Mzungu wina dzina lache Henry Brown, ndipo ku Thyolo anafika m'chaka cha 1908. Munda wa Satemwa anautsegula Maclean Kay m'chaka cha 1923. Amene anagwetsa mitengo, nazula zitsa, nadzala mbande, ambiri anali Alomwe ochokera ku Mozambique pamodzi ndi Amang'anja eni dziko. Ndipo okhala pa malo a atsamunda analipira malowo ndi nchito ya thangata, imene inatha ndi lamulo m'chaka cha 1962. Kuyambira 1967 Boma linayamba kuthandiza alimi a m'midzi kuti nawonso adzale tiyi wao ndi kugulitsa masamba ku mafakitale. Koma nthaka ya m'midzi ndi yochepabe. Pa kamunda kamodzi mupezapo chimanga, nandolo, chinangwa ndi kalongonda, zonse zilikupanikizana monga ana pa mphasa imodzi. Ndicho chifukwa anyamata ambiri a kumeneko atuluka kunka ku Joni.

Mlandu wache

Mmodzi wa anyamata otere ndiye anali mutu wa mlandu. Atatha zaka zinai ali kunja, anabwera kudzaona amache, amene nyumba yao inagwa ndi namondwe Freddy m'mwezi wa Malichi 2023, namangidwanso ya udzu. Anadza ndi ndalama zogulira malata, nadzanso ndi botolo limodzi la vinyo wofiira, lokulungidwa m'malaya kuti lingasweke. Botolo limenelo linayenda ulendo wa masiku angapo: kuchokera ku Cape Town kufika ku Johannesburg, kuoloka Limpopo pa Beitbridge, kupyola Harare ndi Nyamapanda, kuoloka Zambezi pa Tete, ndi kulowa kwathu pa Mwanza. Mnyamata analiika pamaso pa atsibweni ache, mwini mbumba, nati, "Atsibweni, iyi ndiyo nchito ya manja anga. Ndati muione."

Koma mkuluyo anatembenuza nkhope. Iyeyu ndi munthu wa imvi, mkulu wa mpingo, amene anagwira nchito zaka zambiri pa fakitale ina ya tiyi, m'chipinda cholawiramo. Mng'ono wache weniweni anafa ndi kachasu, atagulitsa njinga, mbuzi ndi malata a pa nyumba. Ndipo pa manda a mng'ono wacheyo mkuluyu analonjeza kwa Mulungu kuti sadzamezanso dontho la mowa moyo wache wonse. Tsono pomva kuti mphwache alikugwira nchito kwa anthu opanga chakumwa choledzeretsa, anaweruza kuti ndalamazo ndi za mowa, ndi kuti malata ogulidwa nazo sadzakwera pa nyumba ya mlongo wache. Mai uja analira, pakuti denga linali kudontha. Mnyamata anakwiya, nati abwerera ku Joni osadzapondanso pa mudzi. Apo ndipo anatiitana.

Tinakhala pansi m'nyumba momwemo, moto uli pakati, chiperoni chilikudonthera pa mphasa. Tinati mnyamata ayambe wanena za kumene akhala ndi za nchito yache, pakuti mlandu suweruzidwa ndi khutu limodzi.

Phiri la kutali

Iye anati akhala m'mbali mwa phiri la Simonsberg, kufupi ndi mudzi wa Stellenbosch, pa munda waung'ono wa banja limodzi. Si fakitale yaikuru ai. Mwini wache agwira yekha mpeni pamodzi ndi anchito ache owerengeka, ndipo migolo ya vinyo wao ingokwanira m'nyumba imodzi. Mipesa yao ndi yakale, yosamangiridwa pa waya, yongoima yokha ngati zitsamba za chinangwa, pa nthaka yamiyala yotsetsereka imene mlimi wa chimanga angainyoze.

Nyengo za kumeneko zitsutsana ndi zathu. Mvula yao igwa m'chisanu, kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, pamene mipesa yagona yopanda masamba. Ndipo m'miyezi yotentha, imene kwathu kuno mvula ilikukhuthuka, kwao kuli gwa, ndi mphesa zipsa pouma. Apa ndi pogona chifukwa chache mpesa subala bwino ku Thyolo ngakhale nthaka ndi yachonde: mvula ndi kutentha zifika pamodzi, ndipo matsango abvunda ndi chuku asanapse. Mvula yomweyo imene ikondweretsa tiyi ndiyo ipha mphesa. Mulungu anagawira dziko liri lonse mphatso yache.

Mnyamata anatifotokozera chaka chonse cha mlimi wa mpesa. M'Julai ndi Ogasiti adulira, nasiya maso awiri okha pa nthambi, zala zilikuuma ndi chisanu. Masamba akaphuka aphatulira mphukira zochuluka, ndipo matsango akachuluka adulako ena akali awisi, kuti otsalawo akome. M'Febuluwale ndi Malichi akolola ndi manja, kuyambira kusanache, kuti mphesa zifike kunyumba zikali zozizira. Ndipo pa gome asankha, nataya zobvunda ndi zosapsa. Madzi a mphesa, ngakhale za khungu lakuda, ali oyera. Kufiira kwa vinyo kuchokera m'makungu, amene awasiya abviikidwe m'madzimo masiku angapo pamene yisiti, chotupitsa chonga cha buledi, alikudya shuga wa m'chipatso ndi kumsandutsa ukali. Pambuyo pache apsinya, natsanulira m'migolo ya mtengo wa oki, mgolo umodzi wa malita 225, ndiwo mabotolo 300. Ndipo vinyo agona m'menemo chaka chathunthu kapena kupitirira. Botolo limodzi lidya mphesa zoposa kilogalamu imodzi. Sathiramo shuga wa m'sitolo, kapena madeya, kapena mankhwala okometsa ukali.

Ndipo pa phiri, anatero mnyamata, usiku uzizira ngakhale m'chilimwe, kotero kuti mphesa sizifulumira kupsa. Zikhwima pang'ono pang'ono, zazing'ono, za khungu lochindikala, ndipo zisunga kuwawasa kwache pamodzi ndi kutsekemera. Zokolola zichepa, koma kukoma kuchuluka. Pamene ananena mau amenewa tinaona mkulu uja alikutukula mutu kwa nthawi yoyamba, pakuti wolawa tiyi ali yense adziwa kuti tsamba lokula msanga m'mvula yambiri lidzaza dengu, koma tsamba lokula mochedwa m'nyengo yozizira ndilo likoma m'kapu.

Pa botolo panalembedwa dzina la mtundu wa mphesa, Pinotage. Mtundu umenewu unabadwira ku Stellenbosch komweko m'chaka cha 1925, pamene mphunzitsi wa zaulimi Abraham Perold anakwatitsa mitundu iwiri ya ku France, Pinot noir ndi Cinsaut. Tinawauza anthu kuti kholo limodzi la mpesa umenewu, Pinot noir, ndi la dziko la Burgundy, kumene amonke a ku Cîteaux, nyumba yokhazikitsidwa m'chaka cha 1098, analima minda ya mpesa zaka mazana ambiri, napemphera ndi kugwira khasu tsiku lomwelo.

Mantha a mkulu sanali opusa

Tsono mkulu anayankha, osayang'ana mphwache koma ife: "Aphunzitsi, ine ndamva. Koma ndinamvanso kwa matchona akale kuti kumeneko anthu alipidwa ndi mowa. Kodi ndi bodza?"

Tinamuuza kuti si bodza. Vinyo woyamba ku Cape anapsinyidwa pa 2 Febuluwale 1659, m'masiku a Jan van Riebeeck, ndipo minda imene inatsatira inalimidwa ndi akapolo, ena a iwo ogwidwa ku Mozambique, kufikira ukapolo unathetsedwa m'chaka cha 1834. Ukapolo utatha panatsala mwambo woipa wotchedwa dop, wopatsa anchito vinyo wachabechabe kangapo pa tsiku monga gawo la malipiro ao, kuti munthu amangike pa munda ndi ludzu lache lomwe. Lamulo linauletsa m'chaka cha 1960, koma m'malo ena unapitirirabe mobisa kufikira zaka za m'ma 1990. Ndipo zipsera zache zikalipo, pakuti kumeneko ana ambiri anabadwa opunduka nzeru chifukwa amai ao anamwa ali ndi pakati. Monga tiyi wa ku Thyolo ali ndi thangata m'mbiri yache, momwemonso vinyo wa ku Cape ali ndi dop. Wokumbukira zimenezi sachimwa.

Mkulu anatembenukira kwa mphwache. "Iwe mphwanga, akulipira ndi chiani?" "Ndi ndalama, atsibweni, pa mwezi pa mwezi." "Nanga umamwa?" "Pa nchito tilawa m'migolo ndi kulabvula, pakuti wolawa akameza sangathe kuweruza mgolo wachitatu. Lamulungu ndimwa tambula imodzi pa chakudya." Pa mau akuti kulabvula mkuluyo anaphethira, koma sananene kanthu.

Chimene Eklezia aphunzitsa

Pamenepo anthu onse anayang'ana kwa ife, ndipo tinanena zimene tinaphunzira. Eklezia Katolika saphunzitsa kuti vinyo ndi chinthu cha Satana. Chozizwitsa choyamba cha Ambuye Yezu chinachitika pa ukwati wa ku Kana, pamene Amai Maria anaona kuti vinyo watha ndi kuti eni ukwati achita manyazi. Ndipo madzi a m'mitsuko isanu ndi umodzi atasanduka, anayamba kupatsa mkulu wa phwando kuti alawe, nazindikira iye kuti wotsirizayo aposa woyamba. Usiku wa Lachinai Loyera Ambuye anatenga chikho cha vinyo. Chifukwa chache lamulo la Eklezia, pa nambala 924 ya buku la malamulo la 1983, lifuna kuti vinyo wa pa Misa akhale weniweni wa mphesa, wosasasa ndi wosaonongeka. Ku Lilongwe, a Linga apanga vinyo wa jambula, magwafa ndi zipatso zina za kwathu, ndipo ndi nchito yabwino ya manja a Amalawi. Koma pa altare afunika wa mphesa yekha. Ansembe a Montfort atafika ku Nzama m'chaka cha 1901, vinyo wao wa Misa anachokera kutsidya kwa nyanja, pa madzi ndi pa mitu ya amtengatenga; ndipo ku Dodoma, m'dziko la Tanzania, mpesa unafika ndi amishoni pa chifukwa chomwechi. Pakadapanda alimi a mpesa, sipakadakhala nsembe ya Misa. Tsono nchito ya mnyamatayu siingatchedwe yonyansa.

Koma Eklezia yemweyo aphunzitsa kuti kuledzera ndi tchimo, ndipo likula pamene munthu ataya nzeru mwadala, kapena amwera chakudya cha ana ache. Malembo Oyera sabisa manyazi a Nowa ataledzera ndi vinyo wa m'munda wache womwe. Paulo Woyera, amene analangiza Timoteo kumwa vinyo pang'ono chifukwa cha m'mimba, ndiye yemwe achenjeza kuti oledzera sadzalowa mu ufumu wa Mulungu. Benedikto Woyera analola amonke ache muyeso waung'ono pa tsiku, nalonjeza mphotho yapadera kwa amene angathe kuleka konse. Tsono lonjezo la mkuluyu ndi loyera, ndipo palibe munthu, ngakhale wansembe, amene ayenera kumkakamiza kumeza.

Tinatha mau athu, koma tinaona kuti mlandu sunathe. Mkulu anabvomera ndi mutu, koma mtima wache unali kutali. Pakuti munthu amene wagwira nchito ndi lilime zaka zambiri sakhulupirira chinthu chimene sanachilawe.

Kulawa kwache

Anakhala chete nthawi yaitali. Ndipo potsiriza anati kwa mlongo wache, "Achemwali, ndipatseni kapu yoyera ija, ndi supuni, ndi kambale kachabe."

Inu amene simunalowepo m'chipinda cholawiramo tiyi, dziwani kuti m'menemo muli gome lalitali la makapu oyera ondanda. Tiyi wa tsiku limenelo amyesa pa sikelo yaing'ono, namthira madzi owira, namsiya mphindi 5 kapena 6. Ndipo wolawa ayang'ana tsamba, anunkhiza, atunga ndi supuni, nakoka ndi mpweya mwaphokoso kuti madziwo amwazike m'kamwa monse, kenaka alabvula. Pa tsiku alawa makapu ambirimbiri osameza ngakhale imodzi. Ndipo pa lilime lache papachikika mtengo umene tiyi akagulidwa nao pa msika wa ku Limbe. Iyi ndiyo inali nchito ya mkuluyu, amene anayamba ndi kutsuka makapu, natsiriza alikulawa pambali pa akuluakulu.

Mnyamata anazula chitsekerero ndi kachitsulo kopota, natsanulira pang'ono m'kapu yoyera. Chisanu cha chiperoni chinatithandiza, pakuti vinyo wofiira safuna kutentha kwa dzuwa, afuna kuzizira konga kwa m'nyumba ya udzu m'Juni. Mkulu anapita nayo kapu pa khomo pamene pali kuwala, naipendeketsa. Pakati panali pakuda ngati jambula wakupsa, ndi m'mphepete mofiira ngati madzi a chidede. Anaizunguza pang'ono, naika mphuno, natseka maso. Ndipo anatunga ndi supuni, nakoka ndi phokoso lalikuru kotero kuti ana a pa khomo anaseka. Anayendetsa m'kamwa, nalabvulira m'kambale, naima du.

"Muli khambi," anatero. "Koma si khambi la tsamba lokalamba limene wothyola waulesi aponya m'dengu kuti sikelo ilemere. Ndi khambi lofatsa, longa la masamba awiri ndi kansonga. Ligwira lilime, nilisiya." Anatunganso kachiwiri. "Chipatso ichi sanachithamangitse. Ndipo amene anathyola anasankha. Mulibe pfungo la chobvunda ngakhale pang'ono." Anakhalanso chete, nati, "Ndalabvula kale, koma kukoma kukalipo. Tiyi wabodza atha msanga m'kamwa. Uyu sakutha."

Ndipo zimene lilime lache linamuuza ndi zoona, pakuti chimene chikhakhalitsa m'kamwa pomwa tiyi wakuda wopanda mkaka, ndi chimene chikhala m'makungu ndi njere za mphesa, ndi za mtundu umodzi. Anzeru azitcha matanini. Munthu amene sanaonepo mpesa wolimidwa chibadwire anawerenga m'kapu imodzi nchito ya chaka chonse ya pa phiri la kutali.

Tsono anayang'ana mphwache m'maso, nthawi yoyamba chibwerere chache, nati, "Onetsa manja." Mnyamata anatambasula manja, anali okakala, a zipsera za mpeni, ndi m'zikhadabo munali mukali mwakuda. Mkulu anaika dzanja lache pambali pa la mnyamata, nati, "Aphunzitsi, awa si manja a wogulitsa mowa. Ndi manja a mlimi."

Pambuyo pache anabwera ndi nsima, nkhuku ya pa mudzi ndi nandolo, ndipo titapemphera, botolo lija linagawidwa kwa akulu asanu ndi awiri, yense kakang'ono pansi pa tambula. Tibvomera kuti poyamba sitinakondwe naye. Tinayembekeza kutsekemera konga kwa thobwa, ndipo tinapeza kuwawasa konga kwa bwemba ndi khambi lomanga milomo. Agogo a pa banjapo anakwinya nkhope, naitanitsa shuga, ndipo mdzukulu wao anawapempha ndi manja awiri kuti adikire. Koma titadya nthuli ya nkhuku ndi kulawanso, khambi lija linafewa, monga tiyi afewa ndi mkaka. Ndipo pamenepo tinayamba kumva pfungo la mabulosi akupsa, ndi la utsi wa nkhuni pang'ono, ndi lina longa la nthaka ya katondo pamene mvula yoyamba yagwa. Patapita theka la ora, vinyo yemweyo m'tambula yomweyo anali atasintha, nakhala wofatsa koposa, chifukwa anakomana ndi mpweya. Zoonadi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikadampyontha kamodzi monga achitira pa shabini, sitikadadziwa kanthu ka zonsezi.

Panali munthu wina pakati pathu, mlamu wa pa banjapo, amene kale anali kapolo wa kachasu, nalekana naye zaka zisanu zapitazo. Iyeyu sanafune ngakhale kununkhiza, ndipo anachita bwino ndithu. Pakuti chimene chinali chotheka kwa mkulu uja, amene analeka chifukwa cha chisoni cha mbale wache, sichili chotheka kwa munthu amene thupi lache linagwidwapo. Kwa wotere dontho limodzi litsegula khomo lonse. Tinamkumbutsa za Matt Talbot, wanchito wosauka wa ku Dublin, amene anali chidakwa kuyambira ubwana, naleka, nakhala osamwa zaka 40 kufikira imfa yache m'chaka cha 1925, ndipo Eklezia anamtcha Wolemekezeka m'chaka cha 1975. Mkulu mwini anamphikira tiyi ndi manja ache, wakuda, woyesedwa bwino, ndipo awiriwo anamwa pamodzi. Sitinaone kuti chimwemwe chao chinachepa.

Chiweruzo

Madzulo mkulu anatula chiweruzo chache pamaso pa mbumba. Malata agulidwe, ndipo akwere mvula isanadze. Mnyamata abwerere ku nchito yache ndi mdalitso, koma asunge zinthu zitatu: asalandire malipiro a m'botolo tsiku liri lonse, asaphonye Misa ya Lamulungu, ndipo asakhalenso zaka zinai osaponda pa mudzi. Potsiriza analowa kuchipinda, natulutsa kaphukusi ka tiyi wa ku Thyolo, nati, "Ukampatse mwini munda. Ukamuuze kuti tiyi wouma wa kilogalamu imodzi adya masamba awisi a makilogalamu 4 kapena 5, othyoledwa ndi zala za amai ako, dengu lili kumsana, m'mvula. Asakathire shuga. Akayambe walawa, monga ine ndalawa zache."

Lamulungu lotsatira Bambo Mfumu anadza kudzachita Misa pa tchalitchi cha kumeneko. Pa nthawi ya zopereka tinayang'ana kabotolo kakang'ono kaja kamene tachiona kambirimbiri osachiganizira, ndi wansembe alikutsanulira m'chikho, nathiramo dontho la madzi. Tinakumbukira munthu wodulira m'chisanu, ndi wokolola kusanache, ndi wosankha pa gome; ndipo tinazindikira kuti Ambuye sanasankhe chinthu chongogwa kumwamba kuti chisanduke Magazi ache, koma chinthu chimene chapyola m'manja a anthu osauka.

Tsono abale, sitikulemba izi kuti mukagule vinyo. Botolo lotere lidya ndalama zokwanira thumba la ufa, ndipo bambo wogula vinyo pamene ana alibe makope achimwira banja lache. Mwana asalawe, mai wapakati asalawe, ndi iye amene anagwapo asayandikire. Chimene tinaphunzira kwa Chimaliro ndi ichi: pali kumwa kwa munthu wofuna kuiwala, ndipo pali kulawa kwa munthu wofuna kudziwa ndi kuthokoza. Woyambayo safunsa kuti chakumwa chachokera kuti, angofunsa ukali wache. Wachiwiriyo akhuta ndi pang'ono, pakuti m'pang'onomo aonamo nthaka, mvula, ndi thukuta la mnzache. Nzeru imeneyi siifuna botolo la ku Cape. Mawa m'mawa, pamene mai aika tiyi pa mphasa, yambani mwamyang'ana, mumnunkhize, mulawe kamodzi musanathire shuga, ndipo muuze ana anu za anthu amene anamthyola.

Tipempherere ana athu onse amene ali ku Joni ndi ku maiko ena, kuti apeze nchito yoyenera ndi malipiro olungama, ndi kuti abwere kwao ali amoyo. Tipemphererenso amene alikulimbana ndi kachasu m'mabanja mwathu. Amai Maria, amene anaona kusowa kwa eni ukwati ku Kana, aone kusowa kwathu. Mulungu akusungeni nonse kufikira mwezi wa mawa.